Tsiku Limene Adokotala Anagona Kumbuyo kwa Njati

Ana anga, Rozi, Mateyu ndi iwe Chisomo, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndimasunga tepi yakale ija m'Baibulo, tepi yoti manambala ake anafufutika kalekale. Lero ndati ndilembe, poti maso akadaona ndipo dzanja silinayambe kunjenjemera kwambiri. Sukulu yanga inathera Sitandade 8, ndiye pamene ndaphonya kalembedwe mukonze, koma nkhaniyo musaikonze, chifukwa inachitika momwemu.

1977, kufupi ndi nyanja ya Chiuta

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Anandilemba kuti ndizikolopa, kuchapa ndi kuwiritsa zitsulo, ndipo chimene chinandipambanitsa pakati pa atsikana amene tinapita tsikulo n'chakuti ndinawerenga dzina la mankhwala pa botolo osachita chibwibwi. Rozi anali kumsana nthawi imeneyo. Tinkasowa pafupifupi chilichonse. Magolovesi tinkachapa n'kuwayanika pachingwe ngati matewera, mawa n'kuvalanso. Masingano tinkawiritsa pa pulayimasi, parafini akatha tinkasonkha nkhuni. Odwala ambiri anali a m'mabanja a asodzi, ndipo amayi a kumeneko ndi amene anandiphunzitsa Chiyao, uku akundiseka mpaka misozi ndikapotoza lilime.

Namwino amene ankatiyang'anira anali wosachedwa kupsa mtima koma wa manja abwino. Ataona kuti sindiopa magazi anayamba kundiitanira kuchipinda chochirira, n'kundiphunzitsa kuyeza mimba ndi tepi, kumvetsera mtima wa mwana, ndi kusamala diripi. Tepi imene ndikunenayi anandipatsa ndi iwowo. Galimoto kunalibe. Matenda akakula abale ankanyamula munthu pa machira a nsungwi mpaka kumsewu, ine ndikuyenda pambali botolo la diripi lili m'mwamba. Pa maulendo amenewo ndi pamene ndinaona kuti onyamula akaponda mosiyana, amene amamva kuwawa ndi wogonayo, iwo sadziwa n'komwe.

1985, mbali ya ku Utale

Bambo anu, amene ankagwira ntchito yokonza njanji, anawasamutsira ku Nkaya, ndipo amishoni anandichitira chifundo n'kundipezera malo pa chipatala chawo china cha mbali ya ku Utale. Masiku amenewo Balaka yense anali pansi pa boma la Machinga. Kumeneko ndinakhala wothandiza azamba, ndiponso woperekeza amayi amene matenda awo atikanika. Bwana wathu anali a Matewere. Tonse tinkawaitana kuti adokotala, ngakhale iwo ankakana kuti maphunziro awo sanafike pamenepo. Anali munthu wolungama, wofatsa, wosakonda mikangano, ndipo ankakonda malaya oyera ndi buluku lositidwa mpaka mzere wake kuthwa moti n'kusendera papaya.

Chaka chomwecho tinalandira galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, yoyera, yaitali kumbuyo. Sinali yatsopano, inali itagwirako ntchito kwina, koma kwa ife inali ngati yatsika kumwamba. Anthu anaitcha Njati ataona mmene inkawolokera Rivirivi madzi ali m'chiuno. Dalaivala wake anali Che Jafali, Msilamu wa ku Liwonde, munthu wanthabwala. Ankati poti ine ndili ndi korona ndipo iwo ali ndi mikanda yawo yopempherera, Njati singagwere mumtsinje, chifukwa Mulungu akumva mbali zonse ziwiri. Ankanyadira kuti galimoto zina zili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza ngati ngolo, koma yathu ili ndi opiringizika ngati nkhata, tayala lililonse yakeyake. Pambali pa sipuling'i iliyonse panali shoko, chitsulo changati mpope chokhala ndi mafuta m'kati. Che Jafali ankandifotokozera kuti sipuling'i ndi mwana wovina, shoko ndi mayi ake omugwira paphewa kuti asapitirire.

M'galimoto imeneyi munali dongosolo limene palibe analilemba. Mpando wakutsogolo unali wa akuluakulu: adokotala, abambo ansembe, kapena atcheya a Chipani a dera lathu. Kumbuyo kunali machira, benchi, wodwala, womudikirira, ndi ine. Zaka zisanu zinatha osaonapo munthu wa taye atakhala kumbuyo, ndipo sindinkaona cholakwika, poti ndi mmene tinaleredwera.

Njati inkanyamula zonse: matumba a ufa wa phala la ana, simenti, mgolo wa parafini. Kukakhala msonkhano wa Chipani, atcheya ankaibwereka kuti ikatenge amayi ovina ndi ng'oma zawo, opanikizana mpaka chitseko kukana kutsekeka. Kubwereka kumeneko kunalibe "iyayi". Inu a lero simungamvetse. Popanda khadi la Chipani sunkalowa mumsika, ndipo mawu amodzi olakwika ankatha kumusowetsa munthu pamudzi. Kenaka nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njanji yopita kunyanja yamchere, sitima pa Nkaya zinachepa, zitsulo za galimoto n'kusowa m'dziko muno. Njati inakalamba popanda woitsitsimutsa. Kumbuyo inakhala pansi, makamaka kumanzere kumene kunkakhala mgolo, ndipo mashoko anayamba kudontha mafuta mpaka kuuma.

Malichi 1989

Kunabwera mtsikana wa kumidzi ya m'mbali mwa Shire, dzina lake Patuma, akwawo ankati Abiti Sumani. Inali mimba yake yoyamba, ndipo matenda anali atatha tsiku lathunthu kumudzi mwana osatsika. A Matewere anamuika diripi n'kutiuza kuti tithamange naye kuchipatala chachikulu. Msewu wathu unali wafumbi mpaka ku Balaka, ndipo unkadutsa pa njanji kufupi ndi Nkaya. Tsiku limenelo Njati inkagunda pansi pa dzenje lililonse, chitsulo pa chitsulo, ikagunda n'kudumpha katatu kanayi isanakhazikike. Pa njanji paja Patuma anaponyedwa m'mwamba, singano ya diripi n'kuzuka. Tinaima, ndinamanga pamkono, koma kubwezera sindikanatha. Kuchokera pamenepo Che Jafali anayenda ngati tikuperekeza maliro, chifukwa akangowonjezera liwiro mtsikanayo ankakuwa. Tinafika dzuwa litapendeka. Anamuchita opaleshoni, iye anapulumuka, koma mwana anali atapita kale. Sindinganene kuti inachititsa ndi galimoto yokha, pakuti kumudzi anachedwanso. Koma ine ndinali naye kumbuyoko, ndipo ndikudziwa nthawi imene tinataya panjira.

Nditabwerera ndinawauza a Matewere. Anandimvera bwino, n'kulemba kalata yopempha zitsulo zatsopano. Yankho linali loti tidikire.

Seputembala mpaka Disembala 1990

Patuma anatulukiranso kusikelo ali ndi pakati pa miyezi inayi. Ndinamuyeza ndi tepi yanga, zonse zinali bwino. A Matewere anamuuza kuti chifukwa cha chipsera cha opaleshoni ija sayenera kuchirira kumudzi ngakhalenso kwathu, koma mwezi womaliza tidzamupititsa kukadikira kuchipatala chachikulu. Anavomera ndi mutu monga amachitira anthu pamaso pa adokotala. Titatuluka anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Amake Rozi, ine mu Njati sindidzakweranso. Bola ndikafere pa mphasa ya amayi anga."

Ndinamuyang'ana n'kuona kuti sakunena zamasewera. Basi sinkafika kwathu, njira ina kunalibe, ndipo ndinkadziwa kuti chipsera chotero chikang'ambikira kumudzi amapita onse awiri. Ndiye ndinamuuza kuti nthawi yake ikamakwana galimoto idzakhala itakonzedwa, ndipo pa njanji paja sadzamva kanthu.

"Mwalumbira?"

"Ine sindilumbira, mwanawe. Koma ndakuuza."

Ndili m'njira yopita kunyumba ndi pamene ndinazindikira kuti ndalonjeza ndi chinthu choti si changa. Ndinangoti, Ambuye, pakamwa panga pathamanga, inu mubwere m'mbuyo.

Mu Novembala chilolezo chogula zitsulo zatsopano zija chinabwera. Ku Balaka kunali makaniko wachikulire, a Namaona, amene anali atapezako zitsulo kuchokera ku Limbe. Tinapita Lachinayi, adokotala kutsogolo, ine kumbuyo, poti tinkakatenganso katemera. A Namaona anakankha Njati kumbuyo ndi manja awiri n'kuisiya, iyo n'kumangovina yokha. Anapukusa mutu. Kenaka anafunafuna choyezera chawo osachipeza, ndiye ndinatulutsa tepi yanga m'thumba la yunifolomu. Anaseka, amvekere nayonso Njati yabwera kusikelo. Anayeza kuchokera pakati pa tayala kufika pa bodi, mbali zonse, n'kupeza kuti kumanzere kwatsika zala zitatu kuposa kumanja.

Anatitengera m'kati n'kutionetsa magulu awiri a zitsulo. Ena anali masipuling'i onenepa ngati chala chachikulu chakuphazi, ndi mashoko ake ataliatali. Enawo anali ocheperako, ofanana ndi amene galimotoyo inabadwa nawo, ndi mashoko akeake. Anatichenjeza kuti zimenezi sasakaniza: onenepawo amaikweza galimoto, ndiye ukawaphatikiza ndi mashoko aafupi amakokeka mpaka kuduka, ndipo kusintha mbali imodzi yokha kuli ngati kuvala nsapato ziwiri zosiyana. Anatinso gulu limene tilisiye likupita Lolemba masana ku galimoto ya pa esiteti ina ya fodya, ndipo zina zidzabwera liti sadziwa. A Matewere anafunsa kuti abwino ndi ati.

"Abwino onse, bwana. Koma sipuling'i musaisankhire katundu wa tsiku limodzi pamwezi. Muisankhire katundu wa tsiku ndi tsiku. Onenepawa amafuna kulemedwa kuti afewe. Kumbuyo kukapepuka, ndi ngolo."

A Matewere anakanda kumutu n'kunena motsitsa mawu kuti atcheya anamva kale za nkhaniyi, ndipo anati titenge olimba kuti Njati isamakhale pansi ikanyamula amayi ovina. A Namaona anatambasula manja, amvekere poti atcheya anena, iwo ndi ndani. Anamanga onenepawo tsiku lomwelo. Pondibwezera tepi anandinong'oneza kuti ngati pali kusintha maganizo, Lolemba m'mawa tidzawapeza.

Pobwerera Njati inaima monyada, ndipo kutsogolo adokotala ankayamikira kuti yasiya kugunda pansi. Zinali zoona. Koma kumbuyo ine ndinkangomva ngati wina akundimenya ndi mtengo pansi pa benchi. Pa timizere tija ta mumsewu tangati malata mano ankagundana, bokosi la katemera ndinachita kulikumbatira, ndipo pa njanji ndinadziluma lilime mpaka magazi. Ndinayang'ana machira opanda munthu akudumphadumpha, n'kumuona Patuma atagonapo.

Atcheya anali oti abwera Loweruka kudzaona galimoto. Lachisanu ndinawauza Che Jafali zonse. Iwo anali akudziwa kale, poti chiwongolero chinkawauza. Anabwera ndi nzeru: batire ya Njati inkakhala pansi pa mpando wakutsogolo, ndiye iwo achotsa mpandowo n'kunena kuti asidi watayikira, akuluakulu aja akakamizika kukhala kumbuyo, n'kudzimvera okha popanda wina kutsegula pakamwa. Ndinaseka, ndipo kunena zoona mtima unakopeka. Masana ndinapita kutchalitchi, munalibe munthu, ndinagwada nthawi yaitali. Ndinaona kuti bodza limenelo likaululika wolangidwa ndi Che Jafali, pamene wolonjeza ndine. Ndinatuluka n'kukawauza kuti mpando ausiye, ndipempha poyera.

"Amake Rozi, korona uja wakulowani m'mutu," anatero. "Chabwino. Mukakatsekeredwa ndizikubweretserani matemba."

Bambo anu sanaseke. Anandikumbutsa kuti tili ndi ana atatu, ndipo anatchula mayina a anthu awiri a ku Nkaya amene anayankha atcheya mosayenera, wina ntchito inatha, wina sitinamuonenso. Ndinawauza za Patuma. Anapitiriza kusenda chinangwa, kenaka anati ngati ndatsimikiza, ndivale chitenje cha Chipani pamwamba pa yunifolomu, chija cha nkhope ya Mtsogoleri, kuti asadzati ndine woukira.

Loweruka m'mawa atcheya anafika pa njinga yawo. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu aakulu, osati woipa mtima kwenikweni, koma wozolowera kuti akanena zatha. Anazungulira Njati, anaimenya ndi chikhatho, anati tsopano yakhala yamphongo. Anagwirizana zoti ayende mpaka pa njanji n'kubwerera. Adokotala atagwira chitseko chakutsogolo, ine ndinatulukira ndi beseni la kuchipinda chochirira, madzi ali theka. Ndinagwada.

"Adokotala, ndili ndi pempho. Ulendo uno ndikupempha mugone pa machira, beseni ili muligwire pamimba. Ndi mmene amayendera amayi athu."

Che Jafali anayamba kupukuta galasi loyera kale.

"Mayi," anatero atcheya, "mukufuna adokotala agone ngati wodwala? Kapena mukutsutsa zimene tinagwirizana?"

Mawu oti kutsutsa anali oopsa masiku amenewo kuposa njoka m'nyumba. Koma Mulungu amapatsa mawu pa nthawi yake.

"Iyayi bambo, ine sindingatsutse. Paja pamsonkhano mumatiphunzitsa kuti amayi tonse ndife mbumba ya Mtsogoleri. Ovina aja ndi mbumba. Koma ogona apa ndi mbumbanso, kungoti akamakwera muno sakhala ndi mphamvu zodzinenera."

Atcheya anayang'ana chitenje changa, n'kuyang'ana adokotala. A Matewere anasiya chitseko chija, anazungulira kumbuyo, anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pansi pa benchi.

"Bweretsani beseni," anatero.

Anagona chagada ndi malaya awo oyera aja. Ine ndinakhala pa benchi pamalo anga, atcheya kutsogolo. Che Jafali anafunsa kuti ayende liwiro lanji, adokotala n'kuyankha kuti la tsiku limene tanyamula mayi wotaya magazi. Tisanathe mzere wa mango wa pa mishoni madzi anali atayamba kuthovokera pachifuwa. Pa timizere tija mutu wawo unkagunda chitsulo cha machira, ndipo ndinaona akuluma mano. Titafika pa njanji thupi lonse linanyamuka, beseni linachoka m'manja, madzi onse n'kukhuthukira pa malaya ndi buluku lija.

"Imani," anatero adokotala, mosakweza mawu.

Anatsika opanda nsapato, madzi akuyenderera m'miyendo. Atcheya anatsikanso n'kubwera kumbuyo. Ine mumtima ndinati basi, ntchito yathera pano. Atcheya anawayang'ana adokotala kuyambira kumutu mpaka kuphazi, milomo inayamba kugwedera, kenaka anaphulika kuseka mpaka kugwira chitseko kuti asagwe. Che Jafali ataona mpata anafunsa mwaulemu ngati pobwerera atcheya angakonde kuyesako nawonso.

"Iyayi, ine ndasamba kale m'mawa," anatero atcheya akupukuta misozi.

A Matewere okha sanaseke. Anandifunsa ngati zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda chonchi. Ndinayankha kuti kale inkagunda pansi, tsopano ikumenya m'mwamba, zonse n'zowawa, koma ine ndimakhala tsonga n'kugwira. Patuma anali chogona, singano ili pamkono. Adokotala anatembenukira kwa atcheya, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula nawo osayamba ndi kupepesa. Anati Lolemba galimoto ibwerera ku Balaka, ndipo tsiku la gule Njati iziyenda maulendo awiri m'malo mwa umodzi, Che Jafali azilawirira. Atcheya, amene anali akadali ndi chiseko pakhosi, anati bola amayi azifika nthawi yake. Nkhani ya adokotala osamba pa njanji anaikamba pa misonkhano zaka zingapo, ndipo pokamba ankamveka ngati nzeru ya beseni inali yawo. Ine ndinalibe nazo kanthu. Pobwerera a Matewere anakhala kumbuyo pa benchi, moyang'anizana ndi ine, nsapato zili m'manja.

Lolemba tinalawirira. A Namaona atationa anangotenga jeke. Anamasula onenepa aja n'kumanga enawo matayala onse anayi, ndi mashoko ake atsopano, n'kusinthanso timalabala ta m'mapeto mwake timene tinali titadyeka. Atatsitsa galimoto anapempha tepi ija, ndipo mbali zonse zinafanana. Anaikankha kumbuyo, inatsika, inakwera kamodzi, n'kuima. Atamva za beseni anaumirira kuti nawonso ayese, anabwereka la mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi, n'kugona kumbuyo ndi ovolosi yawo. Titazungulira kuseri kwa msika, kumene kunali maenje oopsa, anatsika atanyowa chigamba chimodzi chokha pamimba. Anatilangiza kuti mgolo wa parafini uzikhala pakati, ndipo anadulira Che Jafali kamtengo kofanana ndi muyeso wa pa tepi, kuchotsapo zala ziwiri. Anati polongedza katundu aziimika kamtengoko pa tayala, bodi ikatsika kupitirira pamenepo, thumba lina litsike. Kamtengo kameneko kanayambanitsa Che Jafali ndi anthu ambiri, ngakhale abambo ansembe, koma sanakataye.

Patuma atabwera kusikelo mu Disembala ndinamutengera pamene inaima Njati, ndinaikankha kumbuyo kuti aone mmene ikukhazikikira. Anaima patali, manja kumbuyo, osafuna n'kuikhudza komwe. Anangoti, "Tiona."

Januwale 1991

Tinakonza zoti tidzamupititse kumayambiriro kwa Febuluwale, koma mwana sawerenga kalendala. Tsiku lina m'kati mwa Januwale, mvula itagwa dzulo lake, ndikukolopa pakhonde m'mawa, ndinaona ngolo ikulowa pa geti, mayi wachikulire akuyenda pambali atagwira ambulera. Anali amake a Patuma. Matenda anali atayamba m'bandakucha. Ndinasiya chokolopera pomwepo. Sindingathe kukuuzani mmene mtima unatsikira pongoona kuti wabwera, sanabisale kumudzi. Amake anandiuza kuti azakhali ake ankamuletsa, koma Patuma anangoti, "Amake Rozi anandiuza."

A Matewere anamuyeza msanga, anamuika diripi, n'kunena kuti tisataye mphindi. Titamufikitsa pa chitseko cha Njati anagwira chitsulo n'kuuma thupi lonse, maso ali pa machira aja.

"Paja munandiuza," anatero.

"Ndinakuuza. Kwera, ndili pompano."

Tinanyamuka, amake pa benchi, ine nditagwada pambali pa machira, dzanja lina pa botolo, lina pamkono wake. Msewu unali matope okhaokha, ndipo Che Jafali anayenda liwiro limene sindinawaonepo chiyambire. Njati inkatsika m'maenje n'kukwera ngati bwato pa mafunde aang'ono, osagunda, osamenya. Patuma anatseka maso akunong'ona mapemphero a kwawo, amake akuthandizira, ine ndikunena anga chamumtima. Ululu ukabwera ankandifinya dzanja, ukapita ankapuma. Patapita nthawi, maso ali chitsekere, anati:

"Amake Rozi, tikamayandikira pa njanji mundiuze, ndigwiritse."

Ndinasuzumira pawindo.

"Njanji tadutsa kalekale, mwanawe. Malata ukuwaona apowo ndi a ku Balaka."

Anatsegula maso. Anayang'ana pamkono, singano ili m'malo mwake, madzi akudontha bwinobwino. Anangotembenuzira nkhope kukhoma la galimoto, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena kuseka.

Tinafika dzuwa lisanafike paliwombo. Anamulowetsa nthawi yomweyo. Ine, amake ndi Che Jafali tinakhala pansi pa mtengo panja, tikudikira. Kenaka namwino anatulukira n'kutiuza kuti ndi mwana wamkazi, wamoyo, wolira kwambiri, ndipo mayi ali bwino. Anawonjeza kuti chipsera chija chinali chitapyapyala zedi, tachita bwino kufulumira. Amake a Patuma anakhala pansi m'matope momwemo manja ali m'mwamba. Che Jafali anapita kuseri kwa Njati ngati akukaona tayala, n'kubwerako maso ali ofiira, amvekere mwanayo dzina lake akhale Shoko. Agogo aja anawathamangitsa ndi ambulera. Anamutcha Asiyatu.

Titabwerera madzulo tinapeza a Matewere ataima pa geti. Anangoyang'ana nkhope yanga, n'kuvula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta. Kuyambira chaka chimenecho, ikatha miyezi ingapo ankakwera kumbuyo ulendo umodzi wa ku Balaka, anthu akudabwa m'njira, ndipo akamva kuti Njati yayamba kusintha ankalemba kalata msanga osadikira kuti wina agwade.

Njati inagulitsidwa ine ndisanapume pa ntchito, ndipo ndinamva kuti inakathera ku Phalula ikunyamula makala. A Matewere ndi Che Jafali anatsogola, Mulungu awasunge, aliyense pa khomo limene ankagogoda. Koma Asiyatu ali moyo. Anabwera kuno chaka chatha ndi ana ake awiri ndi nsomba zouma, ndipo ndinamuonetsa tepi imene inayeza iye ali m'mimba, n'kuyezanso galimoto imene inamunyamula.

Mateyu, tsiku lija unabwera ndi galimoto yako yatsopano, unanditsegulira chitseko chakutsogolo, ine n'kukana kuti ndikhala kumbuyo ndi adzukulu, unakhumudwa, unkayesa ndanyoza ulemu wako. Sindinanyoze, mwana wanga. Ndinkafuna ndimve kaye mmene akuyendera amene wawaika kumbuyo. Ndinamva, ikuyenda bwino, ndipo ndinathokoza Mulungu njira yonse.